Kugula lero kapena kudikira? Mbiri ya mitengo ya makina a magemu

Sabata ino tipumuleko ku ndakatulo ndi nthano, tikambe za chinthu chomwe ambirife tinachidziwira m'tizipinda ta kumsika, momwe anyamata amalipira kandalama kuti amenye mpira wa pa sikirini. Ndikunena makina a magemu: PlayStation, Xbox, Nintendo ndi anzawo. Pa 5 Juni 2025 kampani ya Nintendo inatulutsa Switch 2 pa mtengo wa madola 449.99, ndipo gemu yake yaikulu, Mario Kart World, inkagulitsidwa payokha pa madola 79.99. Anthu anadandaula kuti zadula mopitirira, koma m'masiku anayi okha makina oposa 3.5 miliyoni anali atagulidwa. Ndiye funso n'lakuti, kodi makina atsopano amayeneradi ndalama yomwe eni ake amatchula tsiku loyamba? Funsoli lafunsidwa kwa zaka pafupifupi 50 tsopano, ndipo amene anagula ndi amene anadikira anatisiyira zambiri zoti tiphunzirepo.

Tiyambe ndi mmene mtengowo umabwerera. Mu 1977 kampani ya Atari ya ku America inatulutsa makina ake otchuka, omwe pambuyo pake anadziwika kuti Atari 2600, pa madola 199. Ndalama imeneyo tikaiyerekeza ndi mphamvu ya dola lero ndi pafupifupi madola 1,000, choncho amene amati kale zinthu zinali zotchipa aganizenso. Koma m'zaka zotsatira makampani anazindikira kuti phindu lenileni lili m'magemu. Aliyense wopanga gemu yoti iseweredwe pa makina a kampani inayake amapereka kangachepe kwa mwini makinawo pa gemu iliyonse yogulitsidwa. Ndiye mwini makina atha kugulitsa makina ake mopanda phindu, ngakhale moluza kumene, bola afike m'nyumba zambiri. Zili ngati munthu wokugulitsani mbaula motchipa podziwa kuti makala oyaka m'mbaulamo amagulitsa ndi iye yekha. Choncho mtengo wa tsiku loyamba sutiuza ndalama yomwe inalowa popanga makinawo. Umatiuza mmene kampani yaonera matumba athu ndiponso mmene ikuopera opikisana nayo.

Munthu wina anayesa kuchita mosiyana ndi zimenezi. Trip Hawkins, yemwe anayambitsa kampani ya magemu ya Electronic Arts, anakhazikitsa kampani ina yotchedwa 3DO. Iye sankapanga makina yekha. Ankapereka chilolezo kwa makampani a zamagetsi, monga Panasonic, kuti azipanga makinawo, pamene opanga magemu ankalipira kandalama kochepa kwambiri. Vuto linali lakuti Panasonic sinkapeza kanthu pa magemu, ndiye phindu lake lonse linayenera kuchokera pa makina enieniwo. Mu Okutobala 1993 makina a 3DO anafika m'masitolo ku America pa madola 699.99, ndipo gemu yomwe wogula akanasewera tsiku limenelo inali imodzi, ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa Crash 'n Burn. Magazini ya Time inawatamanda kuti ndi katundu wopambana wa chaka chimenecho. Koma pofika 1996 nkhani yawo inali itatha, atagulitsidwa pafupifupi 2 miliyoni basi. Wogula tsiku loyamba uja anatsala ndi chibokosi chokongola chopanda tsogolo.

Chaka cha 1995 ndiye chinaonetsa poyera kuti mtengo ndi chida cha nkhondo. Mu Meyi chaka chimenecho kunachitika chionetsero choyamba cha magemu chotchedwa E3 mumzinda wa Los Angeles. Kampani ya Sega inali italengeza kale kuti makina ake atsopano, Saturn, adzatuluka mu Seputembala. Koma mkulu wa Sega ku America, Tom Kalinske, anaimirira n'kudabwitsa anthu kuti makinawo ali kale m'masitolo ena tsiku lomwelo, pa madola 399. Kenako inafika nthawi ya Sony, yomwe inali yachilendo pa malonda amenewa. Mkulu wina dzina lake Steve Race anaitanidwa kutsogolo, anthu n'kumayembekezera chilankhulo chachitali. Bamboyo anangotchula nambala, 299, basi n'kubwerera kukakhala pansi. Holo yonse inaomba m'manja.

Kuthamanga sikufika, akulu anatero. Sega inathamangira kumsika magemu asanakonzeke okwanira, ndipo masitolo omwe sanapatsidwe katundu tsiku loyamba anakwiya, ena mpaka anasiya kugulitsa zinthu za Sega. PlayStation inafika ku America pa 9 Seputembala 1995, ndipo pofika Meyi 1996 mtengo wake unali utatsika kale kufika pa madola 199. Pamapeto pake PlayStation inagulitsidwa yoposa 100 miliyoni, pamene Saturn sinafike ngakhale 10 miliyoni. Taganizirani mnyamata amene anatulutsa madola 399 tsiku lija la Meyi chifukwa chofuna kukhala woyamba. Patangotha chaka, mnzake wodekha anagula makina okhala ndi magemu ambiri pa theka la ndalama imeneyo.

Nkhani zoterezi, za ogula oyamba kulira, zachitika kangapo. Ku Britain, Nintendo 64 inatuluka mu Malichi 1997 pa mapaundi 249.99, ndipo patangopita miyezi iwiri mtengo unatsika ndi mapaundi 100 athunthu. Xbox yoyamba ya Microsoft inafika ku Ulaya mu Malichi 2002, ku Britain pa mapaundi 299. Malonda atavuta, mwezi wotsatira womwewo mtengo unagwa kufika pa mapaundi 199, ndipo kampani inapepesa ogula oyamba powapatsa magemu awiri ndi padi yaulere.

Koma yomwe imakumbukiridwa kwambiri ndi ya Nintendo 3DS, kamakina ka m'manja koonetsa zithunzi ngati zotuluka kunja kwa sikirini popanda kuvala magalasi. Kanatuluka ku Japan mu Febuluwale 2011 pa mayeni 25,000, ndipo ku America mu Malichi pa madola 249.99. Luso lake linali lodabwitsa, koma magemu akuluakulu omwe anthu amagulira Nintendo kunalibe. Anthu anangokayang'ana n'kudutsa. Mu Ogasiti chaka chomwecho, miyezi isanu isanakwane n'komwe ku America, mtengo unatsitsidwa kufika pa madola 169.99. Mtsogoleri wa Nintendo, Satoru Iwata, analembera kalata ogula oyamba kuvomereza kuti ena angamve ngati apusitsidwa, anawapatsa magemu akale 20 aulere, ndipo iye mwini anadula malipiro ake ndi theka. Kumapeto kwa chakacho kunatuluka Super Mario 3D Land ndi Mario Kart 7, malonda n'kuyamba kuyenda, mpaka kamakinaka kanagulitsidwa koposa 75 miliyoni. Kamakina kanali komweko kuyambira Malichi mpaka Disembala. Chomwe chinasintha ndi mtengo ndi magemu.

Palinso mtengo wina womwe sulembedwa pa bokosi. Makina oyambirira kutuluka m'fakitale ndi omwe amakhala ndi zolakwika zomwe opanga sanazione. Xbox 360 inatuluka mu Novembala 2005, chaka chathunthu opikisana nayo asanakonzeke, pa madola 299 ndi 399 malinga ndi mtundu wake. Posakhalitsa anthu ambiri anayamba kuona tinyali titatu tofiira tikuyaka kutsogolo kwa makina awo, kutanthauza kuti afa. Vuto linali kutentha komwe kunkaononga zolumikizira zam'kati. Mu Julaye 2007 Microsoft inavomereza, inatalikitsa chitsimikizo cha vutoli kufika zaka zitatu, ndipo inaika pambali ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera makina a anthu. Amene anagula mitundu yotuluka pambuyo pake anapeza makina okonzedwa bwino, ozizira ndiponso otchipirako. Apa m'pamene mwambi wa chikomekome cha mkuyu umagwira ntchito.

Mwina wina anena kuti, basi, nkhani yatha, wotchipa ndiye wabwino. Ayi ndithu. Sega yomwe ija inaphunzirapo pa Saturn, ndipo pa 9 Seputembala 1999 inatulutsa Dreamcast ku America pa madola 199 okha. Anali makina abwino, okhala ndi magemu omwe anthu amawatamabe mpaka lero, komanso otha kulumikizidwa pa intaneti. Koma kampaniyo inali itataya ndalama zambiri, ndipo anthu ochuluka anasunga ndalama zawo kudikira PlayStation 2. Mu Januwale 2001 Sega inalengeza kuti ikusiya kupanga makina, izingopanga magemu a makina a ena. Wogula Dreamcast sanaberedwe pa mtengo, koma makina ake anakhala ndi moyo wa chaka chimodzi ndi theka. Munthu pogula makina amagulanso lonjezo lakuti magemu azibwerabe kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo lonjezo limenelo limadalira thanzi la kampani.

Komanso alipo makina odula omwe anayenera ndalama yake kuyambira tsiku loyamba, kwa munthu woyenera. PlayStation 2 inatuluka ku Japan mu Malichi 2000 ndi ku America mu Okutobala pa madola 299. Magemu ake oyamba sanali odabwitsa kwenikweni, koma makinawo ankaonetsanso mafilimu a pa DVD, pa nthawi yomwe makina a DVD okha anali odula. Banja linkagula chinthu chimodzi n'kupeza ziwiri. PlayStation 2 inagulitsidwa yoposa 150 miliyoni, inapangidwa kwa zaka pafupifupi 13, ndipo mu 2013 inali kulandirabe gemu yatsopano ya mpira, FIFA 14. Wogula tsiku loyamba akagawa madola 299 ndi zaka zonsezo, sangadandaule.

Kupambana kumeneku kunaipatsa Sony matama. Mu Meyi 2006, pa chionetsero cha E3 chomwe chija, Kaz Hirai analengeza kuti PlayStation 3 idzagulitsidwa pa madola 499 ndi 599. Kampani yomwe inagwetsa Sega ndi nambala ya 299 inasanduka choseketsa chifukwa cha nambala ya 599. Chodabwitsa n'chakuti Sony inkaluza kwambiri pa makina alionse. Akatswiri a kampani ya iSuppli, omwe anawamasula n'kuwerengera zipangizo zake, anapeza kuti kupanga amodzi kunkadya madola oposa 800. M'kati mwake munali choseweretsa Blu-ray, pamene makina a Blu-ray okha m'chaka chimenecho anali pafupifupi madola 1,000. Tikayang'ana zipangizo, wogula ankapindula. Koma anthu ambiri sankafuna Blu-ray, ankafuna kusewera. M'mwezi womwewo wa Novembala 2006 Nintendo inatulutsa Wii, makina ofooka powayerekeza ndi PlayStation 3, pa madola 249.99, ndi gemu ya Wii Sports m'bokosi momwemo. Agogo ndi zidzukulu ankatha kusewera tenisi pabalaza tsiku lomwelo. Wii inagulitsidwa yoposa 100 miliyoni. PlayStation 3 inayamba kupuma bwino mu 2009, itatuluka yaing'ono pa madola 299.

Mu 2013 Microsoft nayo inagwa m'dzenje lomwelo. Xbox One inatuluka pa madola 499 chifukwa inkabwera ndi kamera yotchedwa Kinect yomwe wogula sakanatha kuikana, pamene PlayStation 4 inali pa madola 399. Pofika Juni 2014 Microsoft inachotsa kamerayo m'bokosi, mtengo n'kufika pa 399. Ogula oyamba analipira madola 100 pa chinthu chomwe kampani yokha inachisiya.

Tikaphatikiza zonsezi, kwa zaka pafupifupi 40 lamulo linali losavuta: dikira chaka chimodzi kapena ziwiri, mtengo utsika, magemu achuluka, zolakwika zikonzedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamuloli linali ndi chifukwa chake. Timachipu tam'kati mwa makina, tomwe ndi ubongo wake, tinkapangidwa tating'ono chaka ndi chaka. Chipu ikachepa, zambiri zimatuluka pa mbale imodzi ya silikoni, imadya magetsi ochepa, situlutsa kutentha kwambiri, ndiye bokosi, fani ndi zina zonse zimachepanso. N'chifukwa chake PlayStation iliyonse inkabwera ndi mng'ono wake wowonda ndi wotchipa patapita zaka zingapo.

Tsono apa m'pamene nkhani yatembenuka, abale. PlayStation 5 inatuluka mu Novembala 2020, m'kati mwa mliri wa Covid-19, pa madola 499.99, ndipo yopanda poika disiki pa madola 399.99. Machipu anasowa padziko lonse, makina anasowa m'masitolo, ndipo mavenda a pa intaneti ankagula ochuluka n'kumagulitsa pa mtengo wokwera kwambiri. Odekha anati tidikira, zitsika monga mwa nthawi zonse. Koma mu Ogasiti 2022 Sony inakweza mtengo ku Ulaya, Britain, Japan ndi maiko ena. Mu Ogasiti 2025 inakwezanso ku America kufika pa madola 549.99. Xbox Series X, yomwe inayamba pa madola 499.99 mu 2020, inafika pa 599.99 mu Meyi 2025 ndi 649.99 mu Okutobala. Ngakhale Switch yoyamba, yomwe inakhala pa madola 299.99 ku America kuyambira Malichi 2017, inakwera kufika pa 339.99 mu Ogasiti 2025, ili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zifukwa zake n'zingapo. Kuchepetsa chipu masiku ano kumadya ndalama zambiri moti sikutsitsanso mtengo ngati kale, mitengo ya zinthu yakwera paliponse, ndipo America inaika misonkho yatsopano pa katundu wochokera kunja mu 2025. Wopeza PlayStation 5 pa mtengo wa m'sitolo mu 2020 ndiye analipira zochepa kuposa wodikira zaka zisanu. Zoterezi m'mbuyomu sizinkamveka n'komwe.

Ife kuno nkhaniyi imatikhudza kawiri. Makinawa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kaya munthu waitanitsa kwa m'bale wake ku Johannesburg kapena wagula m'sitolo ya ku Lilongwe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene ankasunga makwacha pang'onopang'ono kudikira kuti mtengo utsike anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti ndalama yake yachepa mphamvu pamene mtengo wa m'madola nawo sunatsike. Choncho malangizo akale akuti ingodikira sangaperekedwenso mwachisawawa.

Komabe mbali ina ya lamulo lakale lija ikadalipo. Mtengo mwina sutsikanso, koma magemu amachulukabe ndi nthawi, zolakwika zimakonzedwabe, ndipo patapita zaka ziwiri umadziwa ngati makinawo ndi PlayStation 2 ina kapena Dreamcast ina. Chinanso n'chakuti makina akale masiku ano safa msanga. PlayStation 4 ya 2013 inalandirabe gemu ya mpira ya EA Sports FC 26 mu 2025. Mnyamata wa kachipinda ka magemu ku Ndirande kapena ku Chibavi, yemwe makasitomala ake amangofuna mpira, atha kugula makina akale awiri kapena atatu ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ndalama ya atsopano amodzi, ndipo masikirini atatu amalowetsa ndalama kuposa imodzi. Ambirife ndi mmene tinawadziwira makinawa, atayenda kale m'manja mwa ena kunja. Tinachedwa zaka zingapo, inde, koma tinalandira omwe anapambana kale mayeso, pamodzi ndi mulu wa magemu awo. Za 3DO ndi Saturn ambiri tikuzimva lero.

Ndiye kodi makina atsopano amayenera mtengo wa tsiku loyamba? Mmene ndikuonera ine, mbiri ikuti yang'ana gemu kaye, bokosi pambuyo. Switch yoyamba inatuluka tsiku limodzi ndi The Legend of Zelda: Breath of the Wild, gemu yomwe munthu amatha kusewera miyezi ingapo osaimaliza. Wii inabwera ndi Wii Sports. Ogula makina amenewa tsiku loyamba anafika kunyumba n'kuyamba kudya ndalama yawo madzulo omwewo. Ogula 3DO, Saturn ndi 3DS tsiku loyamba anagula mphamvu za makina ndi malonjezo a mawa, ndipo ena mawalo silinafike. Ngati lero lino pali gemu yomwe mukuilakalaka, yomwe singaseweredwe pa makina omwe muli nawo, ndipo ndalamayo siikuchoka pa fizi ya mwana kapena pa feteleza, gulani, chifukwa masiku ano palibe chitsimikizo chakuti chaka chamawa zitsika. Koma ngati chomwe chikukukokani ndi nambala za liwiro la chipu, kapena kufuna kuti anzanu akuoneni ndi bokosi latsopano, makina omwe ali pansi pa TV yanuwo akadali ndi zaka zingapo zogwira ntchito.

Za Switch 2, makina 3.5 miliyoni a masiku anayi aja akungotiuza kuti okonda Nintendo anali ndi njala. Wii U, makina a Nintendo a 2012, nawonso anayamba bwino m'masabata oyamba, koma anathera pa 13.5 miliyoni basi ndipo anasiya kupangidwa mu Januwale 2017. Ngati madola 449.99 anali oyenera kapena ayi, tidzadziwa tikadzawerenga magemu omwe adzakhale atatuluka pofika 2028. Pakali pano ndikufuna kumva kwa inu a m'gulu lino, makamaka amene munagulapo makina atangotuluka kapena amene mumayendetsa tizipinda ta magemu: munagula ati, pa ndalama zingati, ndipo ndalamayo inabwerera patapita nthawi yaitali bwanji?